Kukonza galimoto ya Pinewood Derby kuti ithamange

Galimoto ya Pinewood Derby, mpikisano wa ana wa timagalimoto ting'onoting'ono tamatabwa, ilibe injini, ilibe batire, ilibe sipuling'i. Imaikidwa pamwamba pa njanji yotsetsereka, kamtengo kamene kaitchinga kutsogolo kamagwetsedwa, ndipo imatsika yokha ndi kulemera kwake. Pa masekondi atatu okha mpikisano watha. Choncho mphamvu yonse imene galimotoyo ili nayo imachokera pa chinthu chimodzi: kutalika kwa pamene kulemera kwake kwayambira. Ndipo mphamvuyo imatayika makamaka ndi chinthu chimodzinso: kukhulana, kaya kwa tayala ndi msomali, tayala ndi thupi la galimoto, kapena tayala ndi njanji. Amene wamvetsa ziwirizi sataya sabata yonse akusema maonekedwe, kenako n'kukhomera matayala mwachangu usiku woti mawa ndi mpikisano.

Mpikisanowu unayamba mu 1953 ku Manhattan Beach, m'chigawo cha California ku America. Anauyambitsa ndi Don Murphy, mtsogoleri wa gulu la ana a Cub Scouts, chifukwa mwana wake anali asanafike msinkhu wolowa Soap Box Derby, mpikisano wa magalimoto amatabwa amene mwana amakweramo. Lero magulu a Cub Scouts, ana a zaka zapakati pa 5 ndi 10, amauchita chaka ndi chaka, ndipo ku Canada kuli wofanana nawo wotchedwa Kub Kar. Malangizo awa ndi a kholo kapena mtsogoleri amene akuthandiza mwana kupanga yake.

Zimene zili m'bokosi, ndi malamulo

M'bokosi la zopangira galimotoyi mumakhala kathabwa ka paini, matayala anayi apulasitiki ndi misomali inayi yomwe imagwira ntchito ya ekiselo. Kathabwako n'kotalika mainchi 7, omwe ndi masentimita 17.8, m'lifupi masentimita 4.4, kuchindikala masentimita 3.2. Kunsi kwake kuli timipata tiwiri tochekedwa kale, molowa misomali.

Miyeso imene imapezeka pafupifupi kulikonse ndi iyi. Kulemera kusapitirire maaunsi 5, omwe ndi magalamu 141.7. Kutalika kusapitirire masentimita 17.8. M'lifupi, kuphatikiza matayala, musapitirire masentimita 7. Pakati pa tayala lakumanja ndi lakumanzere pakhale masentimita 4.4, ndipo kuchokera pansi kufika pamimba pa galimoto pakhale mamilimita 9.5, chifukwa galimoto imayenda itatang'adza kathabwa kotukuka kapakati pa njanji. Mabeyaring'i, mawashala, masipuling'i ndi mafuta amadzimadzi amaletsedwa, ndipo chilichonse cholemeretsa chiyenera kumatidwa, chisamagwedere.

Koma gulu lililonse limawonjezera zake, ndiye pezani pepala la malamulo a gulu lanu musanagwire sowo. Mafunso atatu ofunika kuyankhidwa ndi awa: kodi misomali ilowe m'timipata takale kapena mukhoza kuboola mabowo atsopano? Kodi matayala onse anayi agunde pansi? Kodi kupinda msomali n'kololedwa? Mayankho ake ndiwo akuuzeni zimene mungatenge m'malangizo ali m'munsimu ndi zimene muzisiye.

Zida: sowo yaing'ono yochekera mokhota, katupa kakang'ono, dirilo, pulayala, rula, sikweya, sandipepala ya manambala 120 ndi 220 ya thabwa, ndi ya 400, 600, 1000 ndi 2000 ya misomali, guluu wa matabwa, ufa wa graphite wotereretsa matayala, ndi sikelo yowerenga mpaka gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu. Zida zamagetsi agwire wamkulu. Kujambula, kupala, kupenta, kupukuta misomali ndi kuthira graphite ndi ntchito ya mwana, ndipo ntchito zimenezi ndi zomwe zimabweretsa liwiro.

Yambani ndi mabowo, thabwa lisanachekedwe

Kathabwa kakadali ka makona anayi kamagona bwino patebulo ndipo kamagwirika mosavuta. Mukakasema kaye, simudzapezanso mbali yowongoka yoyezerapo. Ndiye ntchito yonse yoboola ichitike poyamba.

Ikani sikweya m'mbali mwa kathabwa ndi kuona ngati timipata tiwirito tadutsa mowongoka. Timipata tina timabwera titakhota pang'ono kuchokera kufakitale, ndipo galimoto yotero imakokera mbali imodzi ngakhale mutachita bwino zina zonse. Ngati malamulo akulola, tembenuzani kathabwa ndi kuboola mabowo atsopano ndi kaboolero ka nambala 44, kamene ndi pafupifupi mamilimita 2.2, pa dirilo yoimikidwa kapena ndi chitsulo cholondolera. Kuboola ndi dzanja lokha n'kosadalirika. Ngati mukugwiritsa ntchito timipata takale, lowetsani msomali wapadera m'malo onse anayi ndi kuuzulanso, kuti njira itseguke penti asanapakidwe ndipo thabwa lisadzang'ambike pamapeto.

Onaninso kuti kampata kamodzi kali pafupi ndi mapeto a thabwa kuposa kanzake. Mbali imene kampata kali pafupi ndi mapeto ikhale kumbuyo. Mukatero matayala akumbuyo amakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo kulemera kukhoza kusunthidwira kumbuyo popanda kutsogolo kunyamuka. Lembani ndi pensulo kunsi kuti uku ndi kutsogolo, chifukwa ambiri amasokoneza akayamba kucheka. Kumene mabowo atsopano amaloledwa, talikitsani mpata wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuposa masentimita 11 a timipata takale, bola tayala lisatulukire kunja kwa thabwa. Galimoto yotalikirana matayala siyendera uku ndi uku.

Kulemera: kuchuluka kwake ndi malo ake

Apa ndi pamene mipikisano yambiri imapambanidwira. Fikitsani galimoto pa kulemera konse kololedwa, ndipo kulemerako kukhale kumbuyo.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiwerengera. Poyambira, galimoto imaima chozondoka, mphuno pansi, kumbuyo m'mwamba, pamtunda wa pafupifupi mamita 1.2. Pa chitsetse cha madigiri 30, mukasunthira kulemera kumbuyo ndi masentimita 5, mwakukweza ndi masentimita 2.5. Kumeneko ndi kuwonjezera magawo awiri pa 100 a mtunda wogwera, zomwe zimapereka gawo limodzi pa 100 la liwiro. Pa njanji ya mamita 10, gawo limodzilo ndi masentimita 10, kuposa theka la galimoto. Poonerera mumaona bwino: magalimoto amatsika limodzi, koma akafika pathyathyathya, yolemera kumbuyo imatsogola, chifukwa pamene kulemera kwa anzake kwafika kale pansi, kwake kukadatsikabe ndi kuikankha.

Kuti kulemera kuikidwe pamene mukufuna, thabwa lichepe. Thabwa lathunthu limatenga gawo lalikulu la magalamu 141 aja, ndipo kulemera kwake kumakhala kofalikira paliponse. Mukalicheka ngati mphero, kutsogolo mamilimita 6 mpaka 8, kumbuyo pafupifupi masentimita 1.5, limatsala ndi magalamu 35 kapena 40. Matayala ndi misomali pamodzi ndi pafupifupi magalamu 15. Zikatero mwatsala ndi magalamu pafupifupi 90 oti muike pamene mukufuna.

Cholemeretsa chabwino koposa ndi tungsten, mtundu wina wa chitsulo, chifukwa imalemera kwambiri pa malo ochepa: magalamu 19 pa kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, pamene mtovu ndi 11 ndipo chitsulo wamba sichifika 8. Magalamu 90 a tungsten amatenga timabokosi totere pafupifupi 5, a mtovu 8, a chitsulo pafupifupi 12. Tungsten ndi yodula, koma imazulidwa n'kugwiritsidwanso ntchito chaka chamawa. Mtovu ndi poizoni. Ngati ndi umene muli nawo, musausungunule, musaupale ndi sandipepala, augwire wamkulu, autsekere m'thabwa ndi guluu, kenako asambe m'manja. Manati ndi mabawuti amagwiranso ntchito, kungoti amafuna malo ambiri.

Boolani mabowo a sentimita imodzi m'mbali kapena kunsi, ena kumbuyo kwa ekiselo yakumbuyo, ena kutsogolo kwake, koma siyani thabwa la mamilimita osachepera 3 pakati pa bowo ndi njira ya msomali. Cholemeretsa chisalendewere kunsi. Kumapeto kwa njanji zambiri kathabwa kapakati kamakwera kuti kagwire mimba ya galimoto ndi kuiimitsa, ndipo chilichonse chotulukira kunsi chimakhula m'njira kapena kuthothoka pamenepo.

Musanamate, yesani. Lowetsani matayala mongoyembekezera, ikani zolemeretsa ndi selotepi, imikani rula chammbali patebulo ndi kukhazika galimoto pamwamba pake chopingasa. Isunthireni kutsogolo ndi kumbuyo mpaka itabalansa. Pamene yabalansirapo pakhale masentimita 2 mpaka 2.5 kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo. Pa njanji yamatabwa yokhala ndi mfundo zokhakhala, pafikitseni pa masentimita 3. Mukapitirira kumbuyo, kufika pa 1.5 kapena kucheperapo, tayala lakutsogolo limapepuka, galimoto imayamba kugwedeza mphuno ikafika pathyathyathya, imamenya kathabwa kapakati uku ndi uku, ndipo nthawi zina imadumpha njanji. Zimene munapindula pokweza kulemera zimathera pomwepo.

Kucheka ndi kupenta

Mwana ajambule maonekedwe papepala, adule, amate m'mbali mwa thabwa ndi kulemberera. Ngati akufuna galimoto yooneka ngati nsomba kapena basi, musamukanize, chifukwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 17 pa ola mphepo imabweza pang'ono poyerekeza ndi misomali yokhakhala. Zoti musalolere n'ziwiri. Pamwamba pa njira za misomali patsale thabwa la mamilimita 6 kuti lisasweke. Ndipo mphuno isasongoke: ikhale yafulati, yosachepera sentimita imodzi m'lifupi, kuti itsamire bwino kamtengo koyambira ndiponso kuti makina owerenga nthawi kumapeto aione msanga. Mphuno yong'ambika pakati, yolola galimoto kupitirira kamtengo, imakanidwa.

Palani ndi 120, kenako 220, motsatira mitsempha ya thabwa. Pakani penti woyambira, palaninso mopepuka, kenako penti wamtundu kawiri kapena katatu mopyapyala. Tsekani mabowo a misomali ndi timitengo totokosera mano. Penti aume masiku angapo matayala asanalowe. Penti wosauma bwino amakhala wonata, ndipo pamene tayala limakhudza thupi amagwira ngati buleki.

Misomali

Tengani msomali umodzi ndi kuuyang'ana pansi pa mutu. Muona timinga tiwiri totsalira popanga, ndi timizere totukuka pathunthu pake, pomwe tayala limazungulira. Tayalalo ndi la masentimita 3 kudutsa pakati, ndiye pa njanji ya mamita 10 limazungulira maulendo opitirira 100, ndipo pa liwiro lalikulu limafika pafupifupi maulendo 3,000 pa mphindi. Ulendo uliwonse timingato timakanda pulasitiki.

Yambani mwagubuduza msomali uliwonse pagalasi. Wokhota umadumphadumpha, ndipo umenewo usiyeni pambali. Kenako mangani msomali m'kamwa mwa dirilo, mutu uli kunja, pafupifupi masentimita 1.5 akuoneka. Wamkulu amange dirilo pa vayisi ndi kuiyatsa. Ndi katupa, chotsani timinga pansi pa mutu ndi timizere tija, mopepuka, mpaka chikhadabo chisamakodwe. Dulani sandipepala timizere ta mamilimita 5 m'lifupi, viikani m'madzi, ndipo mwana akoleke kamzere pamsomali ukuzungulira, masekondi 15 mpaka 20 pa nambala iliyonse: 400, 600, 1000, 2000. Musadumphe nambala, pakuti iliyonse imafufuta zipsera za inzake yapitayo. Musaiwale kunsi kwa mutu, pamene tayala limatsamira. Malizani ndi polishi wa zitsulo pa kansalu, tsukani ndi sipiriti, umitsani.

Cholakwika chofala pano ndi kupitiriza. Mukadya chitsulo chambiri ndi tupa, msomali umaonda, tayala limakhala ndi mpata waukulu ndipo limanjenjemera. Cholinga ndi kusalaza, kuchepetsa ayi.

Matayala ndi graphite

M'kati mwa tayala lililonse muli nambala ya chikombole chimene linaumbidwira. Ngati muli ndi matayala ambiri oti musankhepo, phatikizani a nambala imodzi, makamaka awiri akumbuyo amene amasenza katundu. Lowetsani lililonse pamsomali wopukutidwa ndi kulizunguza ndi chala. Limene likugwedera kwambiri likhale kutsogolo, mbali imene tayala lidzakwezedwe kuti lisagunde pansi, ngati malamulo akulola. Kusema kapena kuchepetsa tayala kumaletsedwa m'magulu ambiri, koma kupukuta bowo lapakati kumaloledwa kawirikawiri. Gwiritsani ntchito kachingwe kofewa ka thonje ndi polishi wa pulasitiki, kapena mankhwala otsukira mano, pang'onopang'ono kuti pulasitiki isatenthe, ndipo tsukani bwino ndi madzi.

Graphite ndi ufa wakuda wa chinthu chomwe chili m'kati mwa pensulo. Sungothiridwa kamodzi. Thirani pang'ono m'bowo, lowetsani msomali, zunguzani tayala kangapo, gogodani kuti wotsala agwe, bwerezani kasanu kapena kupitirira, mpaka m'kati mwa bowo muchite kunyezimira. Pakaninso ndi chala pathupi la galimoto pomwe tayala lidzakhudze, ndi pansi pa mutu wa msomali. Tayala lokonzeka bwino limazungulira masekondi pafupifupi 20 mukalikankha kamodzi ndi chala. Likaima pa 8 kapena 10, bwererani ku msomali. Pamene tayala limaponda pansi pakhale poyera, popanda ufa. Ndipo musasakanize graphite ndi mafuta, zimasanduka phala.

Kulowetsa ndi kuwongola

Kankhani msomali ndi dzanja kapena pulayala, galimoto itagonekedwa chammbali pansalu. Hamala imapinda msomali ndi kuswa tayala. Pakati pa tayala ndi thupi siyani mpata wa kuchindikala kwa khadi la kubanki, pafupifupi mamilimita 0.8. Dulani kampata pa khadi lakale, lilowetseni pamsomali, kankhani mpaka tayala litagunda khadi, kenako solola khadilo. Mpata ukachepa tayala limafinyika, ukachuluka galimoto imayenda mwa njoka.

Tsopano yesani. Pezani thabwa losalala kapena chitseko chakale cha mamita 1.2, kwezani mbali imodzi ndi masentimita ochepa, onetsetsani kuti sichinapendekere kumanja kapena kumanzere, ndipo jambulani mzere wowongoka pakati. Siyani galimoto itsike yokha. Yang'anani kaye matayala akumbuyo. Akuyenera kuyenda molunjika, osathamangira ku thupi. Tayala likamakanirira ku thupi poyenda kutsogolo koma n'kuthawira ku mutu wa msomali poyenda chambuyo, msomaliwo waloza mokhota, ndipo uyenera kuzulidwa ndi kulowetsedwanso. Amene amaboola okha amapendeketsa misomali yakumbuyo ndi madigiri pafupifupi 2.5, mitu ikuloza m'mwamba pang'ono, kuti matayala azithawira ku mutu wosalala wa msomali, kutali ndi thabwa.

Ngati malamulo akulola, kwezani tayala limodzi lakutsogolo ndi milimita imodzi kapena imodzi ndi theka kuti lisagunde pansi. Tayala losazungulira silidya mphamvu, ndipo popeza kulemera kuli kumbuyo galimoto imakhazikika bwino pa atatu.

Chotsatirachi chimadabwitsa ambiri. Galimoto yoyenda molunjika ndendende si imene imathamanga koposa. Palibe njanji yowongoka kotheratu, ndiye galimoto yotero imagunda kathabwa kapakati, n'kubwerera, n'kukagunda mbali ina, ndipo kugunda kulikonse kumadya liwiro. Yabwino ndi imene imatsamira kathabwako mopepuka ndi tayala limodzi lakutsogolo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati tayala logunda pansi ndi lakumanja, galimoto ikhotere pang'ono kumanzere, kumbali ya tayala lokwezedwa. Pa thabwa lanu loyesera, ichoke pamzere ndi masentimita 5 mpaka 10 pa mtunda wa mamita 1.2. Njira yake ndi kupinda msomali wa tayala limenelo pang'ono kwambiri, digiri imodzi ndi theka, kuika kadontho pamutu pake, ndi kuupotoza pang'onopang'ono ndi pulayala mpaka kukhotako kutakwana. Kumene kupinda kumaletsedwa, kapepala kopyapyala kolowetsedwa mbali imodzi ya msomali m'kampata kamachita zomwezo. Palaninso thupi ndi mamilimita 1.5 pamalo a tayala limeneli, kuti lilowe m'kati pang'ono ndipo tayala lakumbuyo kwake lisakhudze kathabwa. Tayala lakumbuyo likamakhula, ndi katundu yense ali pamenepo, galimoto imataya zambiri.

Mukakhutira, dontheza guluu wa matabwa pansonga ya msomali kunsi, kutali ndi tayala, ndipo galimoto igone chagada usiku wonse. Supagulu musamuyandikize, amayenderera pamsomali mpaka m'bowo la tayala n'kuliumitsa. Kuyambira pamenepo galimoto isungidwe m'bokosi. Kuiyendetsa pasimenti kumakanda matayala, ndipo kugwa kamodzi kumasokoneza zonse munawongola. Ndi bwino kupangira mwana ina yoseweretsa ndi thabwa lotsala.

Tsiku la mpikisano

Sikelo imene imawerengedwa ndi ya oyendetsa mpikisano, yanu ayi. Masikelo amasiyana pang'ono, penti amawonjezera magalamu angapo, ndipo thabwa limamwa chinyezi. Fikani ndi galimoto ya magalamu 140, ndi kabowo kunsi koti muwonjezeremo phala la tungsten kapena tisikuluwu ting'onoting'ono. Kuwonjezera galamu patebulo loyezera n'kosavuta, koma kuchotsa kumafuna kuboola galimoto yopentedwa kale mwana akuona. Thirani graphite komaliza musanaipereke, zunguzani matayala kuti ufa ukhazikike, chifukwa ikangoyezedwa imasungidwa ndi oyang'anira ndipo simuigwiranso.

Kwa amene mukuyendetsa mpikisano: lumikizani njanji dzulo lake, pukutani fumbi, yendetsani chala pa mfundo iliyonse kuti pasakhale potukuka, ndipo yezani ndi levulo kuti isapendekere mbali imodzi. Ngakhale mutatero, mizere ya njanji siifanana, wina umakhala wothamanga kuposa unzake. N'chifukwa chake njira yotulutsa wogonja nthawi yomweyo si yabwino: mwana amene wagwira ntchito milungu iwiri akhoza kutuluka pa masekondi atatu chifukwa cha mzere woipa. Pa njanji ya mizere inayi, galimoto iliyonse ithamange kanayi, kamodzi pa mzere uliwonse, ndipo nthawi kapena mapointi aphatikizidwe. Magalimoto 24 amafuna maulendo 24 okha. Munthu mmodzi yekha aziika magalimoto poyambira, atawagwira pathupi osati pamatayala, ndi kuwakhazika pakati mofanana. Kumapeto ikani siponji kapena thaulo lopinda.

Konzaninso tebulo la zokonzera, lokhala ndi guluu wouma msanga, pulayala, dirilo, matayala ndi misomali yapadera, ndipo lembani m'malamulo mpikisano usanayambe zimene zichitike tayala likathothoka kapena galimoto ikadumpha njanji. Magulu ambiri amapereka mphindi zisanu zokonzera ndi kubwereza ulendowo kamodzi. Galimoto ikadumphanso kachiwiri pa mzere womwewo, yang'anani njanji kaye musanaweruze galimoto.